Tisanagule Galimoto Yogwirapo Kale Ntchito

Chaka chikakhala chabwino, mbatatesi ndi fodya zikagulidwa, ena a ife timayamba kuganiza za galimoto. Maganizo amenewa si oipa. Mayi akadwala usiku amafika msanga ku chipatala. Mbewu ndi feteleza zimafika mpaka pakhomo. Koma ndalama ya galimoto ndi thukuta la zaka zingapo, ndipo ikhoza kutayika tsiku limodzi. Tsono tiyeni tikambirane za galimoto imodzi yaing'ono imene tonse timaiona pa misewu ya ku Tete, ku Moatize ndi ku Ulónguè. Dzina lake ndi Toyota Vitz.

Kumene imachokera

Vitz inayamba kupangidwa ku Japan m'chaka cha 1999. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 2005, wachitatu kumapeto kwa 2010. Mu 2020 a ku Japan analisiya dzina la Vitz, nayamba kuitcha Yaris. Motero munthu akakuuzani kuti Vitz yake yochokera ku Japan ndi yatsopano, akutanthauza kuti ndi yatsopano m'dziko muno mokha.

Kodi n'chifukwa chiyani eni ake amaigulitsa ikadali yoyenda? Ku Japan lamulo limati galimoto iyesedwe ikakwana zaka 3, ndipo kuchokera pamenepo iziyesedwa zaka 2 zilizonse. Kuyesako kumadya ndalama zambiri. Ambiri amasankha kugulitsa yakale n'kugula ina. Amalonda amazikweza m'sitima za pamadzi, ndipo zimatsikira ku madoko monga Maputo, Beira ndi Nacala. Zimatiyenera chifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ndipo chiwongolero chili kumanja.

Koma dziwani ichi. Galimoto imene imafika kumudzi kuno kawirikawiri yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu a m'tauni. Ina inali takisi. Yayenda m'fumbi lathu, m'maenje athu ndi m'dzuwa la ku Tete. Imeneyi ndiyo tikukamba pano.

Chimene imatha ndi chimene siitha

Ubwino wa Vitz ndi wakuti siimwa gazolina wambiri. Injini yake ndi yaing'ono. Zambiri zimene timaziona ndi za 1.0 kapena 1.3. Ya 1.0 yoyambira mu 2005 ili ndi masilinda 3 okha, choncho imanjenjemera pang'ono ikaima uku ikulira. Amenewa si matenda, ndi chibadwa chake. Amakaniko ambiri amaidziwa, ndipo zitsulo zake zimapezeka m'masitolo a m'tauni.

Tengani makope, tiwerengere limodzi. Vitz yabwino imayenda makilomita pafupifupi 15 pa lita imodzi pa msewu wa phula. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230. Kupita ndi kubwera ndi 460. Gawani 460 ndi 15. Mupeza malita pafupifupi 31. Tiyerekeze kuti lita imodzi ndi mametikali 90. Malita 31 adya mametikali 2790. Tsono funsani mtengo wa lero pa pampu, muwerengenso nokha. Kenaka mufanizire ndi mtengo wa shapa. Mukakhala nokha m'galimoto, shapa ndiyo yotsika mtengo. Mukakhala anayi, nkhani imasintha.

Tsopano kwezani cholembera chimene muli nacho m'manja. Chiimikeni pansi. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 15. Mpata wa pakati pa mimba ya Vitz ndi nthaka ndi womwewo, ndipo galimoto ikasenza katundu mpatawo umachepa. Ganizani njira yochokera pa phula kukafika kwanu. Kodi pakati pake pali nthumbira ya dothi kapena miyala yotalika kuposa cholemberacho? Nanga mwezi wa Januwale ndi Febuluwale njirayo imakhala yotani? Ngati yankho ndi loipa, galimoto imeneyi si yanu, ngakhale ikhale yokongola chotani. Ine ndimati funso limeneli ndilo loyamba, mtengo ubwere pambuyo.

Za katundu nazo. Pa mapepala a ku Japan amalemba kuti Vitz imanyamula anthu 5, ndipo munthu aliyense amamuwerengera makilogalamu 55. Onse pamodzi ndi makilogalamu 275. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Ndiye kuti woyendetsa ndi matumba 4 afika kale pafupi ndi nambala imeneyo. Galimoto ikhoza kupirira kopitirira pang'ono, koma si lole ayi.

Ndinaziona ndi maso kwa amalume anga. Anagula Vitz ya 2007 atagulitsa mbatatesi za zaka ziwiri. Tsiku lina anachotsa mpando wakumbuyo, nalonga matumba 8. Ndinati, "Amalume, yakhala pansi iyi, taonani matayala." Iwo anaseka. "Mphwanga, msika suyembekeza munthu." Potsika ku dambo mimba ya galimoto inagunda mwala, mphika wa oyilo wa pansi pa injini n'kung'aluka. Nyali yofiira inayaka pamaso pawo. Iwo sanadziwe tanthauzo lake, anapitiriza ulendo. Asanafike pa phula injini inauma n'kuima. Galimoto ija inakhala miyezi 7 pansi pa mtengo wa pichesi, nkhuku zikuikira m'kati. Kuti iyendenso, anagulitsa ng'ombe nagula injini ina.

Nyali imene sanaidziwe ija ili ndi chithunzi cha kaketulo kodontha. Ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini. Musati ndikaima patsogolo.

Tsiku lokaona galimoto

Musapite nokha. Tengani makaniko amene mwamusankha inu, osati wobwera ndi wogulitsa. Mulipireni tsiku lake. Pitani m'mawa, kukuwala. Galimoto yoonera madzulo kapena pa mvula imabisa zipsera.

Mukafika, gwirani chivundikiro cha injini. Chikhale chozizira. Injini yodwala imavuta kudzuka ikazizira, choncho wogulitsa wochenjera amailiza inu musanafike. Mukapeza yofunda, nenani kuti mubweranso mawa.

Sololani kandodo koyezera oyilo, mukapukute, mukabwezere, musololenso. Oyilo afike pakati pa zizindikiro ziwiri. Akakhala wakuda, mwina wangokhalitsa. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa m'injini. Amenewo ndi matenda aakulu, bwererani kwanu. Tsegulaninso chotsekera pothirira oyilo, musuzumire. Mukaona phala lakuda lomata, dziwani kuti mwini wake sanali kusintha oyilo pa nthawi yake. Madzi a m'radiyeta muwaone injini ikadali yozizira, chifukwa ikatentha amatha kukuwaulani kumaso. Akhale ofiirira kapena obiriwira, osati a dzimbiri.

Tsono tembenuzani kiyi pang'ono, osaliza injini. Nyali zonse za pamaso pa woyendetsa ziyake: ya oyilo, ya batire, ya injini. Mukaliza injini zizime. Nyali yokhalabe yoyaka ikunena vuto. Nayonso nyali yosayaka n'komwe ikunena kanthu, pakuti alipo ena amene amaichotsa kuti vuto lisaoneke.

Wina aime kumbuyo, aone utsi. Utsi wabuluu ndiye kuti injini ikuotcha oyilo. Wakuda ndiye kuti ikumwa gazolina wopitirira muyeso. Woyera wa m'mawa kukazizira ndi nthunzi chabe, umatha msanga. Koma woyera wosatha injini itatentha ndiye kuti madzi akulowa mosayenera.

Yalani thumba, mugone pansi, muyang'ane kumimba. Musachite manyazi ndi fumbi. Funani pamene pakudontha oyilo, pamene panagundidwa ndi pamene anawotcherera. Funaninso dzimbiri. Kumpoto kwa Japan kumagwa chipale chofewa, ndipo amawaza mchere m'misewu kuti chisungunuke. Mcherewo umadya chitsulo cha pansi pamene pamwamba pakunyezimira.

Apa tsono sukulu yathu igwire ntchito, pakuti tayala limalembedwa tsiku lobadwa. M'mbali mwake funani malemba akuti DOT. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala 4. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukawerenga 2319, tayalalo linapangidwa sabata la 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6 muliyang'ane kawiri, makamaka ngati lili ndi ming'alu, ngakhale mano ake akuoneka. Mukaona mawu akuti STUDLESS, limenelo ndi tayala la m'chisanu cha ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, sakhalitsa pa phula lotentha. Matayala 4 atsopano ndi ndalama yambiri. Ichotseni pa mtengo wa galimoto pokambirana.

Nambala ya makilomita musaikhulupirire yokha. Alipo odziwa kuibweza m'mbuyo. Ikati 60 000 koma mphira wa pa buleki wasalala, chiwongolero chikunyezimira ndi kugwiridwa, mpando wa woyendetsa waphwa, khulupirirani mphira ndi mpandowo.

Pomaliza iyendetseni, wailesi itazimitsidwa. Mupite pa chitunda, mupitenso pa njira ya fumbi. Mverani kugogoda kwa kumiyendo. Pondani buleki, muone ngati ikukokera mbali imodzi. Vitz zambiri ndi zosintha magiya zokha, ndipo zambiri za kuyambira 2005 zili ndi bokosi la magiya lotchedwa CVT. Liyenera kukoka mosalala. Likamagwedeza ponyamuka, likamalira ngati mluzu, kapena injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, isiyeni galimotoyo. Bokosi limeneli ndi lovuta kukonza, ambiri amangogula lina. Lilinso ndi oyilo wakewake wolembedwa CVT pa chigubu. Mukathira wina mwaliwononga. Dziwaninso kuti galimoto yotere siilira poikankha. Batire likatha kumudzi, mufuna batire lina.

Mapepala

Galimoto yabwino yopanda mapepala abwino ndi mlandu. Mapepala alembedwa m'Chipwitikizi, koma mawu ofunika ndi ochepa, ndipo mukhoza kuwawerenga.

Loyamba ndi livrete. Limanena za galimotoyo: nambala yake ya pamsewu, mtundu, chaka ndi número do quadro, ndiyo nambala yosindikizidwa pa chitsulo cha galimoto. Pemphani makaniko akuonetseni pamene inasindikizidwa. Ikani chala pa pepala, mnzanu aziwerenga pa chitsulo, chilembo chimodzi chimodzi. Pa Vitz ya 1.0 ya mtundu wachiwiri nambalayi imayamba ndi KSP90. Chilembo chimodzi chikasiyana, kapena pamalopo pakaoneka popalidwa, musalipire.

Lachiwiri ndi título de registo de propriedade. Limanena mwini wake. Dzina la pamenepo lifanane ndi la pa Bilhete de Identidade ya amene akukugulitsani. Ambiri amati, "Ndi ya achimwene, anandituma." Ayankheni mwaulemu kuti achimwenewo abwere, kapena atumize kalata ya chilolezo yosindikizidwa kwa notário. Ife a m'malire tisamalenso ndi galimoto ya nambala ya dziko lina. Imakhala yotsika mtengo chifukwa msonkho wa ku Alfândega sunalipidwe, ndipo tsiku lina ikhoza kulandidwa pa msewu.

Mukagwirizana, lembani kalata ya malonda yokhala ndi mayina, mtengo, tsiku ndi manambala a galimoto. Musainire nonse pamaso pa notário, kenaka mukasinthe dzina ku Conservatória. Musasaine pepala limene simunaliwerenge. Likakuvutani, bwerani nalo ku phunziro, tiliwerenge limodzi.

Itafika pakhomo

Galimoto ili ngati ng'ombe ya m'khola, imadya ngakhale tsiku limene sinalime. Pali seguro imene lamulo limafuna, pali kuyesedwa kwa galimoto kotchedwa inspecção, pali msonkho wa chaka ndi chaka umene ambiri amautcha manifesto. Woyendetsa akhale ndi carta de condução. Kwathu kuno kwa fumbi oyilo asinthidwe pa makilomita 5000 alionse, pamodzi ndi sefa yake. Injini ya 1.0 imalowa malita pafupifupi 3. Sefa ya mpweya muziigugudza kawirikawiri. Gazolina wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, ndiye mukafika pa pampu thirani wokwanira ulendo wonse.

Chifukwa chake musathere ndalama yonse pogula. Ikani ina padera ya mwezi woyamba, pakuti galimoto yogwirapo kale ntchito siilephera kupempha kanthu: batire, matayala awiri, kapena zitsulo za kumiyendo. Tsegulani tsamba latsopano m'kope lanu. Jambulani mizere 4: tsiku, makilomita, chimene mwagula, mtengo. Lembani lita iliyonse ndi kachitsulo kalikonse. Ikatha miyezi 3, phatikizani zonse, mugawe ndi makilomita amene mwayenda. Nambala imene mupeze ndiyo mtengo wa kilomita imodzi. Mnansi akadzapempha kuti mumuperekeze ku chipatala kapena ku msika, muyambire pa nambala imeneyo pokambirana za gazolina.