DAMI: BERE LOPANDA MKAKA

Amalonda a ku Chipata, Katete ndi Petauke akamakaoda katundu m'masitolo a ku Kamwala mu Lusaka, amabwerako ndi zitenje, mabulangete ndiponso tinthu ta makanda. Mwa tinthu timeneti muli kamphira koumbidwa ngati nsonga ya bere, kamene azimai a m'tauni amakacha dami. Agogo ambiri kumudzi akakaona pakamwa pa mdzukulu amafunsa kuti dzinali litanthauzanji.

Dami ndi liu la Cingerezi, "dummy", locokera ku liu lina lakuti "dumb", ndiye kuti wosalankhula. M'zaka za m'ma 1590 Angerezi anali kuchula motero munthu wosatha kulankhula. Pambuyo pace dzinalo linagwera cinthu ciri conse coimirira m'malo mwa ceniceni. Zidole zazitali ngati munthu zimene zimavekedwa madiresi pa makomo a masitolo a ku Kamwala komweko nazonso ndi madami: maonekedwe ndi a munthu, koma mpweya mulibe. Cotero pamene kamphira ka ana kanafala ku Britain kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, anakacha bere lonamizira, "dummy teat", ndipo m'kupita kwa nthawi liu laciwirilo linagwa. Dziko lino linatengera dzinalo kwa Angerezi. Ku America amati "pacifier", kutanthauza cotontholetsa, kucokera ku liu la Cilatini lonena mtendere. Kumeneko, Christian Meinecke, wogulitsa mankhwala wa ku New York, analembetsa ku boma mpangidwe wa kamphira kokhala ndi cochinga kuti mwana asakameze.

Amene anasankha dzina lakuti dami sanabise kanthu. Mwana amayamwa, natonthola, koma m'mimba simulowa ciri conse. Khanda lanjala likatsekedwa pakamwa motere kawirikawiri, limayamwa bere la amace mwa kamodzikamodzi, ndipo bere losayamwidwa limacepetsa mkaka. Ndico cifukwa cace mu 1989 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza zipatala kuti makanda oyamwa asamapatsidwe dami. Mu 2018 anafewetsako langizolo: tsopano anamwino ayenera kufotokozera mai kagwiritsidwe kace ndi kuopsa kwace.

Kuopsa kwina kuli m'dothi. Dami imagwa pansi kangapo pa tsiku, pa msika, m'basi kapena pabwalo pamene nkhuku zimayenda, ndipo kuipukuta ndi citenje sikupha tizirombo totsegula m'mimba. Anthu a mu Lusaka akumbukira kolera ya mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Mai wofuna kupatsa mwana dami aziiwiritsa m'madzi oyera, aziitaya ikang'ambika, ndipo asaimangire m'khosi mwa mwana ndi cingwe. Asaiviike m'shuga kapena mu uci: shuga amaolitsa mano, ndipo uci suyenera mwana wosakwana caka cimodzi.