Kompyuta yoonera mafilimu kunyumba

Anzanga ambiri amati kompyuta yolumikiza ku TV iyenera kukhala yodula. Ayi ndithu, yakale yomwe imatha. Ine ndimayamba ndayang'ana polowetsa chingwe cha HDMI, chifukwa chingwe chimodzicho chimanyamula zithunzi ndi mawu omwe. Ikakhala ya VGA yokha, mawu afuna chingwe chawochawo. RAM ya 4GB yakwana. Koma ya fani yaphokoso isiyeni, imasokoneza filimu ikafika pokoma.

Ineyo ndimakonda Raspberry Pi, kakang'ono ngati sopo, kosadya magetsi ambiri, moti sola yapanyumba imakakwanitsa.

Pulogalamu musagule. VLC ndi yaulere, Kodi nayonso. Sindikufunsa funso, dzina lake ndi lomwelo! Zonsezi zimaonetsa mafilimu a pa flash popanda bandulo, koma Kodi ili ndi zilembo zikuluzikulu zoti agogo n'kuwerenga ali pamphasa.