Msonkhano wa za nsomba: kodi mupite kukanena chiyani?

Mukamva kuti ku Metangula kapena ku Cobué kuli msonkhano wa za nsomba, mwina mumangoti, "Abwera kudzatiletsa kusodza." Musafulumire kutsala pakhomo.

Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti gawo la nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa. Silinatseke nyanja yonse. Kusodza kukupitirira, koma motsata malamulo, ndipo asodzi ali ndi makomiti awo otchedwa CCP oti azikambiranamo ndi boma.

Nanga kukambiranako kumayenda bwanji? Wa boma akuti, "Lekani kukokera neti ya udzudzu." Mayi wina akuti, "Sitileka." Akhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa.

Roger Fisher ndi William Ury, akatswiri a ku America, analemba buku la zokambirana mu 1981. Mfundo yawo ndi yoti mufufuze chimene munthu akusowa, osangomva zimene akuumirira. Mayi uja sakonda netiyo ayi. Akufuna ndiwo za ana ake lero. Wa boma naye akufuna tiana ta chambo tikule. Zikadziwika zimenezi, njira zimayamba kuoneka: kutseka malo okhawo oswanirana nsomba, pa miyezi yake, kapena kuthandiza gulu kupeza maukonde a maso aakulu.

Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza za asodzi ndi alimi a m'maiko ambiri. Anapeza kuti lamulo limakhalitsa ngati eni ake analipanga nawo, akulilondera okha, ndiponso ngati chilango chikuyamba chaching'ono n'kumakula munthu akabwereza. Izi si zachilendo panyanja pano. Kutsidya ku Malawi, pachilumba cha Mbenji, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950.

Komatu msonkhano umene akulankhula eni maboti a injini okha si kukambirana. Amayi oyanika usipa ndi anyamata opalasa bwato amadziwanso nyanjayi, ndipo malo akatsekedwa njala imayambira kwa iwo.

Choncho mukapita, funsani: malo otsekedwawo ayambira pati n'kulekezera pati? Miyezi iti? Azilondera ndani? Pemphani kuti zomwe mwagwirizana zilembedwe, ziwerengedwe mokweza m'Chinyanja pamaso pa amfumu musanasaine kapena kudinda chala.