Lata lobisika kuseri kwa tayala: dzimbiri lomwe timagula limodzi ndi galimoto

Phokoso lake limasokoneza ngakhale dalaivala amene wakalambira pachiwongolero. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, kutayala kumamveka kukhula kwa zitsulo. Ikamakhota phokosolo limakula, ikathamanga limazilala, ndipo ukaponda buleki silisintha. Ambiri amathamangira kukagula mapadi atsopano, koma makaniko akaikweza pa jeke n'kuchotsa tayala, mapadi amapezeka ali bwinobwino. Chomwe chikulira ndi lata lopyapyala lokhala kuseri kwa disiki ya buleki, lomwe m'magalaja amalitcha back plate kapena dust cover. Dzimbiri lalidya pomangira mabauti, latsala lendelende, ndiye likukhudza disiki ikamazungulira.

Kugalaja ya pansi pa mtengo, mankhwala ake sachedwa: pulayala m'manja, kulizula, kulitaya. Phokoso latha, mwini galimoto walipira pang'ono, aliyense wakondwa. Pa galimoto zina palibe choopsa chimene chimachitika tsiku lomwelo. Pa zina, lata lomwelo ndi limene lanyamula handibuleki yonse.

Limagwira ntchito yanji?

Mbali ya kunja ya disiki imatetezedwa ndi limu, koma ya mkati imayang'ana pansi pa galimoto, komwe kumadutsa madzi, matope, mchenga ndi timiyala. Latali ndilo limatchinga zonsezi. Mchenga ukamalowa pakati pa disiki ndi padi, disiki imakalika mizere ndipo padi ya mkati imatha msanga kusiyana ndi inzake. Pa misewu yathu yafumbi, makamaka nthawi ya dzinja, imeneyi si ntchito yaing'ono.

Ntchito yachiwiri ndi yotchinga kutentha. Wotsika chitunda cha Chiweta kapena Khwekhwelere phazi lili pa buleki amatenthetsa madisiki kufika madigiri mazanamazana. Pafupi pomwepo pali mphira zosunga girisi wa ma ball joint, komanso waya wa sensa ya ABS. Mphira ikamawaulidwa kawirikawiri imauma n'kung'ambika, girisi n'kutuluka, fumbi n'kulowa. Patapita miyezi, mwini galimoto amagula ball joint yatsopano osadziwa kuti vuto lidayamba tsiku lomwe lata lidazulidwa.

Dzimbiri lochokera kutali

Ku Malawi sitithira mchere pamsewu, ndipo madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere. Galimoto yomwe yakhala kuno moyo wake wonse imatha kukalamba malata ake ali olimba. Komatu galimoto zambiri zomwe zadzaza m'misewu yathu ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan ndi ku Britain, ndipo zochuluka zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe. Zimabwera zitatsukidwa, penti ali waliwali, koma kunsi zitanyamula mbiri ya kwawo.

Ku Britain, nyengo yozizira ikafika, malole a makhonsolo amayenda usiku akuwaza mchere pamsewu kuti madzi asaundane n'kuchititsa ngozi. Mchere wambiri umakumbidwa pansi pa nthaka, monga ku mgodi wa Winsford m'chigawo cha Cheshire, womwe udatsegulidwa mu 1844. Ku Japan nako, boma lidakhazikitsa lamulo mu 1990 loletsa matayala okhala ndi misomali chifukwa ankapala phula n'kudzaza fumbi m'mizinda. Chitereni, madera ozizira kwambiri monga Hokkaido adayamba kudalira kwambiri mankhwala amchere osungunula madzi oundana. Walira mvula walira matope: msewu udasiya kuterera, koma zitsulo za kunsi kwa galimoto ndizo zikulipira.

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo mchere umafulumizitsa zimenezi kwambiri. Umakokanso chinyontho, kotero malo omwe wakanirira sauma msanga. Lata la kuseri kwa disiki lili pamalo oipitsitsa: ndi lopyapyala, limamenyedwa ndi timiyala totsukula penti, limatentha n'kuzizira tsiku lililonse, ndipo matope amaunjikana pomwe lagundana ndi chitsulo chonyamula hub, pomangira tayala paja. N'chifukwa chake limayamba kuola mozungulira mabauti, m'mphepete mukuoneka ngati muli bwino.

Chotsika mtengo, chovuta kuika

Lata lenilenilo silidula poyerekeza ndi disiki kapena kalipa. Chimene chimakweza mtengo ndi ntchito. Pa galimoto zambiri, fakitale imaika latali hub isanalowe, ndipo bowo lake lapakati ndi laling'ono kusiyana ndi nkhope ya hub. Kuti latsopano lilowe, pafunika kuchotsa tayala, kalipa ndi chonyamulira chake, disiki, kenako hub yeniyeniyo. Pa galimoto zomwe bering'i yake ndi yopanikiza ndi makina, kutulutsa hub nthawi zambiri kumaiwononga, ndiye uyenera kugulanso yatsopano. Onjezani mabauti ogwidwa dzimbiri omwe amaduka pomasula, ndi sensa ya ABS yomwe imakanirira m'bowo mwake, ntchito yooneka ngati ya mphindi zochepa imatha kudya tsiku lonse.

Pali njira zopepukirapo, malinga ndi momwe lawonongekera. Ngati langopindika, mwina pomenya mwala kapena posintha mapadi, kulikankhira kumbuyo pang'ono n'kokwanira. Nthawi zina ndi kamwala chabe komwe kakodwa pakati pa lata ndi disiki, ndipo kamagwa ukabwerera chambuyo. Ngati laola pomangira pokha, mawasha aakulu amatha kuligwira kwa nthawi ndithu. Kunja amagulitsanso malata a magawo awiri omwe amalowa popanda kuchotsa hub, ndipo amakaniko ena amadula latsopano mbali imodzi, kulivalika, n'kulimanga bwino ndi mabauti ake. Yemwe akusintha bering'i ndiye ali ndi mwayi: ndi nthawi yabwino yoikiratu lata latsopano, litapakidwa penti wopirira kutentha.

Kuwotcherera lata lili pagalimoto n'kofunika kusamala nako. Chitsulo choola sichigwira, moto uli pafupi ndi mphira ndi girisi, ndipo magetsi akadutsira mu bering'i amaisiya ndi zipsera zomwe zidzayamba kulira posachedwa.

Kumbuyo nkhani ndi ina

Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Galimoto zambiri za Toyota, Subaru, BMW ndi Mercedes-Benz zokhala ndi madisiki kumbuyo zili ndi kadiramu kakang'ono mkati mwa disiki, momwe muli mashu a handibuleki. Mashuwo amagwiridwa ndi timapini ndi masipuling'i tomwe timalowa m'mabowo a lata lomweli. Mabowo akaola, mapini amasolokamo. Pamenepo handibuleki imasiya kugwira, ndipo galimoto yoimitsidwa pamtsetse itha kuyenda yokha. Choipa kuposa apo, shu yomasuka imatha kukodwa mkati galimoto ili paliwiro n'kumanga tayala. Lata lotere silizulidwa, silimangidwa ndi waya, silipatsidwa mawasha. Limasinthidwa basi, pamodzi ndi mapini ndi masipuling'i ake, ndipo mbali inayo iyenera kuonedwanso chifukwa idayenda mumchere womwewo.

Musanapereke ndalama

Wogula galimoto ya ku Britain ali ndi poyambira. Kumeneko galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imayesedwa chaka chilichonse pa mayeso a MOT, ndipo zotsatira zake zimapezeka kwaulere pa intaneti ukalemba nambala ya galimotoyo. Oyesa amalembamo machenjezo, kuphatikizapo a dzimbiri la kunsi. Chenjezo lomwe likubwerezedwa chaka ndi chaka likukuuzani zomwe penti wabisa. Ku Japan, pepala la kumsika wa okushoni limakhala ndi zilembo: S amaimira dzimbiri, C amaimira chitsulo chomwe chayamba kudyeka. Wogulitsa akamazengereza kuonetsa pepalali, funsani chifukwa chake.

Galimoto ikafika, ikwezeni pamalo poti muone kunsi ndi tochi. Lata la kuseri kwa disiki limaonekera msanga ndipo silinama: likakhala loyoyoka, yang'ananinso mapaipi a mafuta a buleki ndi zitsulo zonyamula matayala, chifukwa zonsezi zidamwa madzi amodzi. Tsukani kunsi konse ndi madzi amphamvu kuti mchere wotsalira uchoke, ndipo muzitero dzinja likatha, poti matope okanirira amasunga chinyontho.

Tsiku lomwe makaniko adzatenge pulayala n'kunena kuti latali n'lopanda ntchito, mufunseni kaye ngati handibuleki ya galimoto yanu imagwirira pamenepo. Akavomera, musachoke pagalajapo lisanalowe latsopano. Akati ayi, lizulidwe ngati palibe njira ina, koma mulembe kuti tsiku losintha bering'i mudzaikenso lina.