Kanambala ka pagemu: amakaika ndani, nanga kamateteza mwana mpaka pati?

Pansi pa dzina la gemu iliyonse yopezeka pa Google Play pamakhala kanambala kakang'ono: 3+, 7+, 12+, 16+ kapena 18+. Ambiri amangokadutsa pothamangira kuika gemuyo m'foni, chonsecho kanambalako kamanena msinkhu wa munthu woyenera kuisewera.

Nkhaniyi siyikukhudza ana a ku Area 47 kapena Namiwawa okha. Mafoni amakono adafika kalekale pamisika ya Mitundu, Nathenje ndi Malingunde, komwe mwana akaweruka kusukulu amabwereka foni ya mkulu wake kapena kulowa m'kanyumba ka vidiyo ndi magemu. Makolo ambiri amadziwa kuti mwana akusewera, koma sadziwa chomwe akusewera.

Momwe miyeso idayambira

Miyeso ya misinkhu idayamba kaamba ka madandaulo. Magemu onga Mortal Kombat, oonetsa magazi ndi kuphana, atautsa mkangano m'nyumba ya malamulo ya ku America, makampani adakhazikitsa bungwe la ESRB m'chaka cha 1994. Maiko a ku Ulaya adatsatira mu 2003 ndi ndondomeko ya PEGI. N'chifukwa chake gemu ya mpira ya FIFA idalembedwa 3, pomwe Grand Theft Auto, yomwe anyamata ambiri amaikonda, idalembedwa 18.

Poyamba gemu iliyonse inkaunikidwa payokha isanagulitsidwe. Koma magemu a pafoni atayamba kutuluka ochuluka ngati ngumbi, akatswiri ounika adachepa. Choncho mu 2013 mabungwe angapo adagwirizana n'kupanga IARC, ndipo Google Play idayamba kugwiritsa ntchito njira yake mu 2015.

Njirayo ndi ya mafunso. Wopanga gemu amayankha yekha pa intaneti: kodi muli nkhanza? Magazi akuoneka? Muli mawu otukwana, zolaula, mowa, mankhwala ozunguza bongo kapena juga? Kodi osewera angathe kulankhulana kapena kugula zinthu ndi ndalama? Akamaliza, kompyuta imatulutsa muyeso wa dera lililonse molingana ndi malamulo a kumeneko. Maiko omwe alibe bungwe lawo mumgwirizanowu, monga Malawi, amalandira muyeso wachisawawa, womwe ndi manambala aja a 3+ mpaka 18+.

Osewera akasanduka opanga

Vuto latsopano n'lakuti magemu ambiri alero si a kampani yokha. Mu Roblox, Fortnite, Minecraft, Free Fire ndi PUBG Mobile, osewera amatha kumanga mabwalo awoawo, omwe amawatcha mamapu, n'kuitana anzawo kudzaseweramo. Gemu imodzi imakhala ngati msika: chipata n'chimodzi, koma m'kati aliyense wayala malonda ake. Wina amanga bwalo la mpikisano wa galimoto, wina amanga nyumba yoopsa yodzaza mitembo. Nambala imodzi ya pachipata siingafotokoze zonsezo.

Phunziro lidaonekeratu mu 2005, pomwe wosewera wina adatulukira njira yotsegulira chigawo cholaula chomwe chidabisika mu Grand Theft Auto: San Andreas. Bungwe la ESRB lidakweza muyeso wa gemuyo kukhala wa akuluakulu okhaokha, ndipo masitolo ambiri adaichotsa.

Pofuna kutseka mpatawu, kuyambira mu November 2023 kampani ya Epic Games idalamula kuti mapu aliyense wa mu Fortnite azikhala ndi muyeso wakewake. Womanga amayankha mafunso a IARC, kenako ounika a kampaniyo amayendera mapuwo asanatulutsidwe. Nayo Roblox ili ndi mafunso ake, ndipo kumapeto kwa 2024 idaletsa ana osafika zaka 13 kulowa m'mabwalo opanda muyeso.

Komabe njirayi ili ndi malire. Choyamba, imadalira chilungamo cha woyankha; wofuna osewera ambiri akhoza kubisa zina, ngakhale kuti akagwidwa muyeso umasinthidwa kapena mapu ake kuchotsedwa. Chachiwiri, muyeso umayeza zomwe zamangidwa, osati anthu olowamo. Bwalo likhoza kukhala la 3+ koma mlendo wolankhula ndi mwanayo n'kukhala wamkulu wa zolinga zoipa. Chachitatu, zambiri zimadalira zaka zomwe zidalembedwa potsegula akaunti. Mwana wa Sitandade 5 ku Malingunde akamasewera pafoni ya amalume ake, kompyuta imamuwerengera kuti ndi bambo wa zaka 30, ndipo zitseko zonse zimamutsegukira.

Malamulo a dziko lino

Malawi ali ndi bungwe lounika mafilimu, mabuku ndi zisangalalo, la Censorship Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Lamulolo lidalembedwa m'nyengo ya kanema wa m'holo ndi mabuku osindikiza, pomwe chinthu chinkalowa m'dziko kudzera pachipata n'kutheka kuchigwira. Mapu omangidwa usiku ku Brazil amafika pafoni ya ku Nathenje osadutsa pa Mwanza, Dedza kapena Songwe.

Lamulo la 2016 loona za intaneti, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limaletsa zithunzi zolaula za ana ndiponso kuzunza ena pa intaneti. Kuonjezera apo, malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Koma malamulowa amalanga wolakwa. Sakhala pambali pa mwana pomwe akusewera.

Apa ndi pomwe udindo umabwerera pakhomo. Kholo lingathe kutchera loko wa msinkhu mu Play Store, kulemba zaka zenizeni za mwana potsegula akaunti, ndiponso kutseka macheza ndi anthu osawadziwa. Eni tinyumba ta magemu angathe kusiyanitsa magemu a ana ndi a akuluakulu, ndipo mafumu, aphunzitsi ndi magulu a amayi a m'sukulu ali ndi mphamvu yowafunsa kutero, monga momwe amaletsera ana kuonera vidiyo nthawi ya maphunziro. Mwana yemwe waopsezedwa kapena kunyengereredwa pa intaneti angathandizidwe poimba nambala yaulere ya 116.