KUSANKHIRA MWANA SUKULU YA SEKONDALE KU DAR ES SALAAM

Anthu a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe audziwa mzinda wa Dar es Salaam makamaka cifukwa ca malonda. Ena afikako pa basi kudzera ku Songwe kapena ku Tunduma, ena pa sitima ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi, nagula katundu ku Kariakoo, nabwerera kwao. Koma mlendo wolawira m'mamawa aonanso cinthu cimene sanadzere: ana a sukulu ataima m'magulu m'mbali mwa mseu kukali mdima, kulindira basi. Nkhani ya lero iri ya ana amenewa, ndi ya makolo ao amene ali ndi funso lomwe lifunsidwanso ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare, lakuti, mwa masukulu a sekondale a Boma, yoyenera mwana ndi iti?

Coyamba, kholo silisankha sukulu monga munthu asankha nsaru m'sitolo ai. Mwana wa ku Tanzania akatsiriza Sitandade 7 alemba mayeso a bungwe la NECTA, limene linakhazikitsidwa mu 1973, ndipo Boma ndilo ligawa okhozawo m'masukulu. Ocepa amene apambana anzao onse atumizidwa ku masukulu ogonera konko, monga Kibaha, Mzumbe, Ilboru, Tabora, Kilakala ndi Msalato, ndipo onsewa ali kunja kwa mzinda. Otsala, ndiwo ambirimbiri, apatsidwa malo m'masukulu oyendera. A ku Malawi sadzadabwa nazo izi, pakuti kwaonso mayeso a Sitandade 8 ndiwo agawa ana. Cotsalira kholo ndico kulangiza mwana pochula masukulu amene awafuna, ndi kupempha kuti asamutsidwe ngati kwina malo alipo. Mwai umenewu ndi waung'ono, ndipo makolo ambiri autaya cifukwa cotsata dzina.

Maina okopa makolo ndi akale. Azania ya anyamata ndi Jangwani ya atsikana ziri moyandikana pafupi ndi cipatala cacikuru ca Muhimbili, ndipo Tambaza ndi Zanaki ziri pakati pa mzinda pomwepo. Cimene zinamangidwira pamenepo ncodziwika. M'masiku a Angerezi maphunziro anali ogawidwa mwa mitundu, ndipo masukulu amenewa anali a ana a Amwenye, ena omangidwa ndi Boma, ena ndi anthu a Aga Khan. Mnyamata waciafirika wofuna sekondale anapita kunja, monga ku Pugu, kuseri kwa bwalo la ndege, kumene Akatolika anali ndi St Francis' College. Kumeneko Julius Nyerere anali mphunzitsi kufikira mu 1955, pamene anasiya coko kuti atsogolere cipani ca TANU, ndipo Benjamin Mkapa, amene anadzakhala mtsogoleri wacitatu wa dziko, anaphunziranso komweko. Tsankholi linatha mu 1962, dziko litalandira ufulu, ndipo lamulo la mu 1969 linapereka masukulu a mishoni m'manja mwa Boma.

Masukuluwo anatsala pamene anali, koma mzinda unayenda. Pa kalembera wa mu 2022 anthu a m'Dar es Salaam anapitirira 5 miliyoni, ndipo ocuruka akhala kutali, ku Mbagala, ku Kimara, ku Bunju, ku Chanika ndi ku tsidya la Kigamboni. Kuyambira mu 2004 Boma linafulumiza anthu kumanga sekondale m'dera liri lonse, nchito imene nduna yaikuru Edward Lowassa anailimbikitsa kwambiri mu 2006. Masukulu amenewa achedwa "shule za kata" m'Ciswahili, ndipo afanana ndithu ndi masukulu oyendera a m'midzi ya ku Malawi. Fizi inathetsedwa mu 2016 kufikira Folomu 4, ndi mu 2022 ku Folomu 5 ndi 6. Khomo linatseguka, ana analowa mwaunyinji, ndipo makalasi ambiri anadzaza. Tsono kholo liima pakati pa sukulu yochuka ya kutali ndi sukulu yatsopano ya pafupi, imene anansi ainyoza.

Pamenepa cinthu coyamba kuciyesa ndico njira. Mabasi aang'ono a mumzindawu, ochedwa daladala, alamulidwa kunyamula mwana wa sukulu pa mtengo wocepa, ndipo cifukwa cace makondakitala ambiri samfuna m'nthawi ya m'mawa, pamene akuru olipira mtengo wonse ali kulimbirana malo. Mwana aimitsidwa kufikira akuru atalowa, ndipo kawirikawiri basi imsiya. Mabasi akuru othamanga, amene anayamba mu 2016 pa mseu wa Morogoro kucokera ku Kimara, anathandiza ndithu, koma njira yao idutsa cigwa ca mtsinje wa Msimbazi, umene m'zaka zambiri wasefukira m'nyengo ya mvula ya Marichi kufikira Meyi nutseka mseu. Mwana wocokera ku Mbagala kapena ku Bunju kunka pakati pa mzinda adzuka tambala asanalire, afika m'kalasi atatopa, nabwerera kwao dzuwa litalowa, buku osalitsegula. Kwa mtsikana pali coopsa cinanso, pakuti oyendetsa njinga zamoto ndi amuna ena amkodola ndi ulendo waulere. Kholo lanzeru liyenda lokha njirayo tsiku la Lolemba m'mamawa, osati Loweruka masana, lisanalembe dzina la sukulu papepala.

Caciwiri ndico zotsatira za mayeso a Folomu 4, ndipo izi zifuna kuwerengedwa mosamala. NECTA iika pa intaneti tsamba la sukulu iri yonse. Mwana awerengeredwa maphunziro 7 amene anakhoza koposa, ndipo mapointi akacepa ndiye kuti wacita bwino: gawo loyamba ndi mapointi 7 mpaka 17, laciwiri 18 mpaka 21, lacitatu 22 mpaka 25, lacinai 26 mpaka 33, ndipo wopitirira pamenepo walephera. Sukulu ikhoza kudzitama kuti pafupifupi ana ace onse anakhoza, pamene ambiri ali m'gawo lacinai, limene silifikitsa mwana ku Folomu 5. Cofunika kuwerenga ndi ici: mwa onse amene analemba, ndi angati ali m'magawo atatu oyamba, ndipo atsikana ndi angati mwa iwo? Aonenso mzere wa masamu, pakuti m'dziko lonse oposa theka alephera phunziro limeneli caka ndi caka, kotero kuti sukulu yoyendera imene ana ace akhoza masamu iri ndi mphunzitsi wosati wamba. Ndipo ayang'ane zaka zitatu zotsatana, cifukwa caka cimodzi cinyenga.

Pali msampha winanso. Sukulu imene ilandira ana okhoza kale idzaturutsa okhoza, ngakhale aphunzitsi ace akhale wamba, ndipo imene ilandira ofooka niwakweza pang'ono yagwira nchito yoposa, ngakhale dzina lace silimveka. Mu Januwale 2023 NECTA inaleka mwambo wolengeza masukulu 10 opambana, ponena kuti sikoyenera kufanizira ana ophunzira m'malo osiyana. Makolo ena anadandaula, koma bungwelo linaona coonadi.

Zina sizioneka papepala, ndipo zifuna kuti munthu apite yekha kukaonana ndi mphunzitsi wamkuru. Ku pulaimale za Boma ana aphunzira m'Ciswahili, koma pofika Folomu 1 maphunziro asanduka a m'Cingerezi, ndipo ana ambiri agwa pa mlatho umenewu. Nkoyenera kufunsa cimene sukulu icita ndi ana atsopano m'miyezi yoyamba. Jakaya Kikwete analamula kuti masukulu a m'madera amange zipinda za sayansi, koma cipinda si mphunzitsi, ndipo funso labwino ndi lakuti aphunzitsi a Fizikisi ndi Kemisitiri alipo angati. Afunsenso ngati makolo anagwirizana zosonkha cakudya ca masana.

Kusankha kweni kweni kufika mwana ali m'Folomu 4. Pamenepo iye alemba masukulu a Folomu 5 ndi maphunziro amene awafuna, ndipo Boma ligawa malo poona mapointi ace, osati dzina la sukulu imene acokera. Mwana wa sukulu ya ku Chanika amene wapeza gawo loyamba akhoza kukhala pa benci limodzi ku Tambaza kapena ku Pugu ndi mnzace wocokera ku Azania.