Nyamakazi ya m'Akakolo: Musadikire Kuti Khasu Likukanikeni

Alimi anzathu a ku Machinga ndi Balaka, mwendo ndiwo umakufikitsani kumunda. Kaya mumalima thonje ku Utale ndi Phalula, kaya mpunga m'madambo a nyanja ya Chilwa, kaya fodya m'maesiteti, thupi lanu lonse pamodzi ndi thumba limene mwasenza zimatsamira pa mfundo ya akakolo. Mfundo imeneyi ikadwala, mizere siunga pa nthaŵi yake, kupalira kumachedwa, ndipo zokolola zimachepa.

Chimene Chimayambitsa

Pamene mafupa akumana pamakhala kachichereŵechereŵe kosalala kamene kamateteza mafupawo kuti asakhulane. Kachichereŵechereŵeka kakaperepeseka, fupa limakhula fupa linzake. Apa ndi pamene munthu amamva kupweteka, mfundo imatupa ndi kuuma, makamaka m'maŵa kapena atakhala pansi nthaŵi yaitali.

Anthu ambiri odwala nyamakazi ya m'akakolo ndi amene adavulalapo kale. Wina adathyoka pa ngozi ya njinga ya kabaza kapena yamoto, wina adabinya mwendo polumpha ngalande, ndipo fupa lidalumikizana mokhota. Ululu ukhoza kuyamba patapita zaka zambiri. N'chifukwa chake mukathyoka kapena kubinya kwambiri, pitani kuchipatala akakujambuleni, ndipo akakuikani chikhakha musachichotse nokha chifukwa choti mvula yagwa.

Pali mitundu inanso. Ina imagwira mfundo za mbali zonse ziŵiri pamodzi ndi zala za m'manja. Ina imabwera mwadzidzidzi usiku, kaŵirikaŵiri pa chala chachikulu cha kuphazi, ndipo moŵa umaikolezera. Chifuwa chachikulu nachonso chimatha kuloŵa m'mfundo. Mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake, choncho ndi bwino kupimidwa m'malo mongoganizira.

Zimene Mungachite Pakhomo

Valani nsapato zolimba zogwira akakolo, monga jombo zokukwanani bwino, osati patapata. Yendani ndi ndodo, ndipo muigwire ku dzanja la mbali imene sikupweteka. Katundu wolemera muikeni pa njinga, pa wilibala kapena pa ngolo. Madzulo gonekani mwendo pamwamba pa mtsamiro kuti kutupa kuchepe. M'maŵa musanaponde pansi, tukulani ndi kutsitsa phazi kangapo, kenaka lizungulitseni pang'onopang'ono. Ngati thupi lakula, kulichepetsa kumapeputsa katundu wa mfundoyo.

Za Mankhwala

Panado amachepetsa ululu. Munthu wamkulu asamwe mapiritsi a 500 mg opitirira 8 pa maola 24. Brufen ndi diclofenac amachepetsanso kutupa, koma akamwedwa masiku ambiri amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Imwani mutadya, ndipo musawaphatikize aŵiriŵa. Amayi oyembekezera, odwala impso, zilonda za m'mimba kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Nthaŵi zina dokotala amabaya jekeseni m'mfundo momwemo. Imathandiza kwa milungu kapena miyezi ingapo, koma sibwezeretsa kachichereŵechereŵe kamene kadatha. Kutema mphini pa mfundo yotupa kukhoza kuloŵetsa tizilombo, vuto n'kukula.

Kumene Mungapite

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, monga ku Ntaja kapena ku Ulongwe, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Akaona kuti nkoyenera, adzakutumizani ku chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde kapena cha ku Balaka. M'zipatala za maboma mumagwira ntchito akatswiri othandiza pa matenda a mafupa, amene maphunziro awo adayamba m'dziko muno mu 1985. Matenda ovuta amatumizidwa ku Zomba Central, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe chimene chidatsegulidwa mu 2023.

Opaleshoni

Zonsezi zikalephera, madokotala amatha kulumikiza mafupa a mfundoyo ndi misomali yachitsulo kuti akhale fupa limodzi. Akakolo sapindikanso, koma ululu umachepa kwambiri ndipo ambiri amabwerera kumunda. Mudzafunika chikhakha ndi ndodo zoyendera kwa miyezi iŵiri kapena itatu, ndipo ntchito yolemetsa imadikira kupitirira apo. Choncho kambiranani ndi dokotala ndiponso a pabanja panu kuti opaleshoni ichitike mutakolola ndi kugulitsa, ndipo pezeranitu wokusosani munda. Kusuta fodya kumachedwetsa fupa kulumikizana. Siyani opaleshoni isanachitike.

M'maiko ena amaika mfundo yopanga ya chitsulo ndi pulasitiki, koma ndi yodula ndipo imatha msanga kwa munthu wogwira ntchito yolemetsa.

Chenjezo

Mfundo ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi n'kutenthanso, ndipo mukulephera kuponda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akhoza kukhala mafinya, ndipo amawononga mfundo m'masiku ochepa. Ana nawonso amadwala motere.

Inu a m'maesiteti, mukavulala pa ntchito dziŵitsani kapitao tsiku lomwelo, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Ngati mwendo udakuvutitsani dzinja lapitali, kapimitseni m'chilimwe, mvula isanagwe.